MOTO WA MAKALA M'NYENGO YA CISANU

Pa 29 June Eklezia Katolika amakondwerera Apostoli awiri akuru, Petro ndi Paulo Oyera. Ku Roma, kumene onse awiri anakhetsa mwazi wao, tsikuli limagwa m'nyengo yotentha. Kuno ku Malawi limagwa pakati peni peni pa cisanu, pamene mwera uli kubvundula nyanja, ciperoni cakuta Mulanje ndi Thyolo, ndipo ku Dedza anthu opita ku Misa ya m'mamawa amalowa m'chalichi manja ali m'khwapa. Cotero nkoyenera kuti Akristu a dziko lino, pokumbukira Apostoliwa, alingalire cinthu cimodzi cimene Malembo Oyera amasimba za onse awiri, koma alaliki kawiri kawiri amacidumpha: Petro ndi Paulo anazizidwapo, ndipo onse awiri anafunapo moto.

Makolo akale sanadziwe zogula moto. Mai akadzuka napeza kuti cikuni cace cazima usiku, ankatenga phale napita kwa mnansi wace kukapala moto, ndipo panalibe womufunsa kanthu. Ngakhale anthu oyambana dzulo lace sankamanana khala. Nkhuni zinali za ali yense wokhala ndi nkhwangwa ndi nkhata. Lero mai wa ku Ndirande kapena ku Kawale amagula makala a m'kajumbo okwanira nsima imodzi yokha, ndipo akaphula mphika amathira madzi pa makala otsala kuti akagwirenso nchito mawa, ana ali kuyang'ana moto umene akadaotha ukuzimitsidwa. Bambo wa pa nchito, amene nyumba yace iri ndi magetsi, amasuzumira pa mita m'mawa ndi madzulo kuwerenga mayunitsi otsala. Mai wa ku mudzi salipira ndalama, koma amalipira ndi miyendo ndi khosi, pakuti mtolo umene amai ace ankautola kuseri kwa nyumba iye amakautenga kutsidya kwa phiri. Mneneri wolira Yerusalemu atapasulidwa ndi Ababiloni, m'mutu wotsiriza wa buku la Madandaulo, anawerenga masoka a anthu ace. Ndipo pakati pa umasiye ndi ukapolo anaikapo tsoka lakugula madzi ndi nkhuni za m'dziko lao lomwe. Mulungu analola kuti dandaulo lotere lilembedwe m'Buku lace, cifukwa kwa Iye si nkhani yaing'ono.

Zifukwa za kukwera kwa mitengoyi sizobisika ai. Pa kalembera wa 1966 anthu a m'Malawi anali 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 anali 17.5 miliyoni. Kalembera wa 2018 yemweyo anapeza kuti nyumba zounikira magetsi zinali ngati 11 pa 100 ziri zonse, ndi kuti zopitirira 90 pa 100 zinkaphikira nkhuni kapena makala. Mafuwa acuruka, nkhalango sizinacuruke; ndipo mitengo ikamacepa m'phiri, mitengo imakwera pa msika. Magetsi ambiri a dziko lino amacokera mu mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira, ndipo dothi lokokoloka m'mapiri ometedwa limakakwirira madamu omwewo. Mu January 2022 namondwe wa dzina lakuti Ana anaononga damu la pa Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupi 130, ndipo makinawo sanabwerere pa nchito kufikira 2023. Miyezi yonseyo magetsi ankazima maora ambiri pa tsiku, ndipo mabanja a m'tauni amene ankaphikira magetsi anabwerera ku mbaula, nayamba kulimbirana thumba la makala ndi osauka. Pamwamba pa izi kwacha inacepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndipo mitengo ya magetsi, ya parafini ndi ya mafuta a galimoto inakwera motsatana nayo. Mkristu wamba sangathe kusintha zimenezi. Cimene ciri m'manja mwace ndico khalidwe lace pa moto umene wakwera mtengowo.

Yoane Woyera, m'mutu 18 wa Mthenga Wabwino wace, asimba kuti usiku umene Ambuye Yezu anagwidwa kunazizira, pakuti Yerusalemu ndi mzinda wa pa mapiri. Anchito ndi asilikali a mkuru wa ansembe anasonkha moto wa makala pa bwalo, naimirira mouzungulira. Ndipo Petro, amene anatsata Mbuye wace capatali, anadzaima pakati pao kuotha nao. Kuzizidwa si chimo, kuotha moto si chimonso. Koma moto umenewo unali ndi mtengo wace: wofuna kukhalapo mwamtendere anayenera kuoneka ngati wosamdziwa Munthu womangidwa uja anali m'katimo. Petro analipira mtengowo katatu, tambala asanalire. Iye amene madzulo omwewo anasolola lupanga m'munda pamaso pa gulu lankhondo, anagonja pamaso pa mdzakazi wa pa khomo, manja ali pa moto.

Moto wotere ulipo lero lomwe, ndipo oothawo ambiri ndi anthu obatizidwa. Ulipo pamene munthu alumikiza mawaya mwakuba kapena aseweretsa mita kuti isawerenge, nadzitonthoza kuti kampani siilira. Koma lamulo lacisanu ndi ciwiri silinapatule kampani, ndipo mawaya olumikizidwa usiku ndi munthu wosadziwa nchitoyo aocha kale nyumba, napha ana osewera pa dothi lonyowa. Ulipo pamene wogulitsa makala aika fumbi ndi miyala pansi pa thumba, makala abwino pamwamba. Ulipo pamene wa katapila alandira gombeza la mnzace ngati cikole mwezi wa June. Pakuti buku la Eksodo, m'mutu 22, lilamula kuti cofunda ca wosauka cotengedwa cikole cibwezedwe dzuwa lisanalowe, popeza alibe cina cogonera, ndipo Mulungu alonjeza kuti kulira kwa munthu wotere adzakumva.

Za ooca makala m'nkhalango za boma payenera kulankhulidwa mosamala, cifukwa apa ambiri amaweruza msanga. Lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, liletsa kuocha ndi kugulitsa makala popanda ciphaso, ndipo m'caka ca 2015 boma linacita kutumiza asilikali kukalonda nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira. Lamulolo nlolungama, pakuti nkhalango ikatha mzinda wonse udzasowa madzi. Komabe mnyamata wokankha njinga ya matumba atatu usiku wonse kuti apeze cogulira ufa sali pa mlandu wofanana ndi mwini malori amene adutsa pa zipata za pa mseu ndi ziphuphu, kapena ndi wa boma wolandira ziphuphuzo. Ndipo Mkristu wa m'tauni amene adzudzula ooca makala pa bwalo la chalichi ayambe wafunsa kumene kunacokera makala ophikira nsima yace ya dzulo. Funso limeneli liyenera kufunsidwanso m'makhichini a pa mishoni, a masukulu ogonera konko ndi a nyumba za ansembe, kumene nkhuni zimalowa pa lori.

Pali ngozi yina imene akatekisti ayenera kuilalikira caka ndi caka kufikira anthu atatopa nayo, cifukwa ikhudza lamulo lacisanu, loletsa kupha. Banja likamva cisanoni kuti makala ogula ndi ndalama angothera panja, limalowetsa mbaula m'cipinda cogona, nkutseka citseko ndi mazenera, nkutsekanso mipata ndi nsanza. Makala oyaka m'malo otsekeka amaturutsa mpweya wakupha umene madokotala amati carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu. Suli ngati utsi wa nkhuni umene umatsokomoletsa munthu nkumudzutsa. Ukalowa m'mapapo umagwirana ndi magazi mwamphamvu koposa mpweya wabwino kopitirira ka 200, kotero kuti thupi limafa ndi njala ya mpweya munthu ali cipumire. Zizindikiro zace ndi mutu, cizungulire, mseru ndi kufooka. Koma wogona tulo samva ciri conse ca izi, amangopitirira. Makala amene aleka lawi nafiira bwino ndiwo amanyenga koposa, popeza anthu amayesa kuti atha ukali. Wopeza anzace atakomoka m'nyumba yotere atsegule makomo onse, awaturutsire panja, athamange nao ku cipatala. Ndipo pakagwa maliro otere, Akristu asalole kuti mudzi uyambe kuloza zala nkhalamba yina kuti yalodza banja lonse usiku umodzi. Mfiti yace ndi mbaula imene iri pakati pa cipindayo. Mbaula iothedwe anthu ali maso, mpweya ukulowa, ndipo isanafike nthawi yogona ituruke. Momwemonso ana ang'ono ndi odwala khunyu asasiyidwe okha pa moto, pakuti zipatala zimalandira opsa ambiri m'miyezi yino.

Kusamala moto ndi khalidwe lacikristu ndithu. Ambuye amene anadyetsa anthu 5,000 analamula kuti makombo atoledwe, ngakhale anali ndi mphamvu yocurukitsanso mkate wina. Nyemba zonyikidwa m'madzi usiku zimapsa msanga. Mphika wobvundikira sudya nkhuni ngati wosabvundikira. Nkhuni zowazidwa ndi kuumitsidwa zimapatsa moto, zaziwisi zimapatsa utsi umene umabweretsa cifuwa ndi cibayo kwa ana. Mbaula ya dothi yija amati Chitetezo Mbaula, imene magulu a amai amaumba ndi kuocha m'maboma ambiri, imadya nkhuni zocepa poyerekeza ndi mafuwa atatu, imalandira zitsononkho ndi mitengo ya nandolo, ndipo dothi lace limasunga kutentha moto utazima. Ming'alu ya m'cipupa imatidwe cisanu cisanafike. Ndipo bambo amene wagulitsa fodya, soya kapena mtedza ayambe wagula zofunda za ana ace asanakhale pansi pa mowa: gombeza ligulidwa kamodzi nkufunditsa zaka zingapo, pamene makala a usiku umodzi m'mawa ndi phulusa. Nkhuni za ana a mawa zibzalidwa m'nyengo ya mvula, kuyambira December kufikira April, ndipo maparishi ambiri ali ndi malo ogonera amene akadakhala nkhalango ya mpingo. Papa Fransisko, m'kalata yace Laudato Si' ya 2015, anaphunzitsa kuti kuonongeka kwa dziko ndi kubvutika kwa osauka ndi bvuto limodzi. Mai wosenza mtolo kucokera kutsidya kwa phiri anazidziwa zimenezi kalatayo isanalembedwe.

Koma kusamala kokha sikukwanira, pakuti alipo anthu amene alibe ngakhale cakuti asamale. Apa ndipo pafunika moto waciwiri. Liu la Cigriki limene Yoane Woyera analemba potanthauza moto wa makala lipezeka kawiri kokha m'Cipangano Catsopano conse: pa bwalo la mkuru wa ansembe paja, ndi m'mutu 21, pa gombe la nyanja ya Tiberiasi. Ophunzira 7 anagwira nchito usiku wonse osapha kanthu. Mbandakuca Yezu wouka kwa akufa anaima pa mtunda; ndipo Petro, atamva kuti ndi Ambuye, anadziponya m'madzi, nafika pa gombe zobvala ziri noninoni ndi madzi m'mphepo ya m'mawa. Anapeza moto wa makala uli wosonkha kale, nsomba iri pamwamba pace, ndi mkate. Wousonkha anali Ambuye mwini, ndi manja omwe aja anaboledwa ndi misomali. Sanafunse mtengo, sanayambe ndi kukumbutsa za usiku uja. Anayamba wawadyetsa, nawauzanso kuti abwere nazo zina mwa nsomba zao kuti aonjezere pa zace. Atatha kudya ndipo anafunsa Petro katatu za cikondi cace, monga anakana katatu, ndipo pa yankho liri lonse anampatsa nchito yosamala nkhosa. Upapa wa Petro unatsimikizidwa pa mbaula, munthu ali kuumitsa malaya.

Paulo nayenso ali ndi moto wace, m'mutu 28 wa Nchito za Apostoli. Combo comtengera ku Roma ali wandende cinasweka pa cisumbu ca Malta, ndipo anthu onse 276 anapulumuka, ena posambira, ena pa matabwa. Kunali mvula ndi mphepo. Eni cisumbuco anali akunja, osadziwa Kristu, olankhula cinenero cina. Koma anasonkha moto nalandira onse, asilikali ndi andende omwe, osafunsa wolakwa ndani. Moto wofunditsa anthu 276 umadya nkhuni zambiri, ndipo Luka Woyera asimba kuti Paulo, munthu wacikulire amene anangovuuka m'nyanja, anapita kukatola mtolo wace nadzaponyapo. Anthu amakumbukira njoka imene inaturuka m'nkhunizo nimluma dzanja osampweteka. Bwenzi atakumbukiranso kuti Mpostoli wa mitundu yonse sanakhale pansi kudikira kuti ena amtolere.

Moto uli ndi khalidwe limene ufa ulibe. Nsima ya munthu mmodzi ikagawidwa kwa anthu 6, onse amagona ndi njala. Koma moto wofunditsa munthu mmodzi umafunditsa anthu 6 popanda kuonjeza khala. Makolo anazidziwa izi: ana a mudzi ankasonkhana pa moto wa agogo m'kuka kumva nthano, ndipo moto umodzi unkagwira nchito ya nyumba zambiri. Ngakhale maiko olemera anabwerera ku nzeru yomweyi pamene mitengo inawakwerera. Ku Britain, kumene kuli ana a dziko lino ambiri ogwira nchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ndalama imene banja wamba linkalipira pa caka pa gasi ndi magetsi inali mapaundi 1,277 kumayambiriro kwa 2022. Mu April inafika 1,971, ndipo pofika October, nkhondo ya ku Ukraine itakweza mtengo wa gasi, boma linacita kulowererapo kuti iime pa 2,500. M'cisanu cimeneco machalichi ndi nyumba zowerengeramo mabuku zinatsegula zipinda zotenthetsedwa kuti osatha kulipira adzakhale pamodzi usana, kumwa tiyi ndi kuceza. Anacita kulemba pa zikwangwani cimene agogo a kuno ankacita popanda dzina.

Oyera a Eklezia anayamba kale. Martino Woyera, ali msilikali wosabatizidwa, anang'amba pakati mwinjiro wace pa cipata ca mzinda wa Amiens m'cisanu coopsa, napatsa theka wopemphapempha. Tsiku lace ndi 11 November, pamene kuno anthu ali kuthawira m'mithunzi, motero nkhani yace imamveka m'chalichi anthu akupukuta thukuta. Ikadayenera kusimbidwanso mu June. Ndipo mbiri ya bungwe la Vinsenti wa Paulo Woyera, limene Frédéric Ozanam ndi ophunzira anzace anayambitsa ku Paris mu 1833, imasimba kuti nchito yao yoyamba inali kunyamula nkhuni zao zomwe, zimene anasungira cisanu, kukapatsa munthu wosauka.

Yakobe Woyera, m'mutu 2 wa kalata yace, adzudzula Mkristu amene aona mbale wace wausiwa ndi wanjala nangomufunira mafuno abwino kuti akafunde ndi kukhuta, osampatsa kanthu. Cikhulupiriro cotere aciyesa cakufa. M'midzi ndi m'matauni a dziko lino muli cinthu cina cimene ciyenera kucititsa Akristu manyazi koposa apa. Pa maliro nkhuni sizisowa. Nkhalamba ikamwalira, anyamata amagwetsa mtengo tsiku lomwelo, zikuni zazikuru zimakokedwa, moto umayaka pa bwalo usiku wonse, ndipo amuna amaotha kufikira kuca, a kwaya akuyimba m'nyumba. Mwambowo ngwabwino, usathe. Koma nkhalamba yomweyo inagona miyezi iwiri pa mphasa yong'ambika, itafunda ciguduli, ikusonkha mapesi cifukwa miyendo inakana kupita ku phiri. Ndipo nkhuni zimene zinapsa usiku umodzi wa maliro ace zikadaifunditsa cisanu conse. Okalamba ndi makanda ndiwo amagonja msanga ku mphepo, cifukwa matupi ao sasunga kutentha, ndipo cifuwa cimene mnyamata acipirira sabata limodzi cimatengera gogo ku manda.

Paulo ali m'ndende yace yotsiriza ku Roma analembera Timoteo kuti amtengere copfunda cimene anacisiya ku Troasi kwa Karpo, namuumiriza kuti afike cisanu cisanayambe, pakuti nyengo imeneyo zombo zinkaleka kuyenda. Cithandizo ca mtundu uwu ciri ndi nthawi yace. Gombeza loperekedwa mu October ndi katundu cabe. Cifukwa cace akatekisti ndi atsogoleri a miphakati asadikire msonkhano wa mwezi wa mawa. Pa mapemphero a sabata lino awerenge maina a okalamba ogona okha, a amai amasiye olera adzukulu, a odwala osaturuka m'nyumba ndi a mabanja okhala ndi khanda lobadwa kumene, Akatolika ndi osakhala Akatolika omwe, monga anacitira anthu a ku Malta. Awiri awiri apite kukaona ndi maso ao cimene anthuwo afunda ndi cimene asonkha, ayang'anenso ngati mbaula imagona m'nyumba. Kumene kuli kotheka, mdzukulu mmodzi wamkuru azikagona kwa agogo ace, ndipo banja lophika madzulo liitane mnansi wosowa kuti adzatereke mphika wace pa moto womwewo ndi kuotha nao. Amai Acikatolika ndi a Legio ya Maria asonkhe zofunda zimene ziri m'masutikesi kudikira alendo. Anyamata a kwaya ndi otumikira pa Misa, amene nkhwangwa zao sizicedwa pa tsiku la maliro, atuluke nazo Loweruka likudzali, ndipo mtolo woyamba ukatulidwe pa khomo la munthu wamkuru koposa onse m'mudzimo.